Makoko oyera m'ketulo, giza yopsa elementi ndi fyuluta yotsekeka: muyambire pati?

Ndimagwira ntchito ya mapaipi kuno ku Kasungu, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri, makamaka kwa amene anakumbitsa mjigo pakhomo pawo n'kuikapo pampu ndi thanki, ndi lakuti madzi akusiya zoyera paliponse. Ketulo yachita makoko pansi, shawa ikungodontha, giza (thanki ya madzi otentha) yapsa elementi, chitsulo chake chotenthetsa madzi, kachiwiri chaka chisanathe, sopo akutha msanga koma thovu osaoneka. Ena zikatere amakwera basi wa ku Lilongwe kukagula makina odula, koma pakapita miyezi itatu vuto lija labwerera.

Chimene ndimawauza onse ndi chimodzi. Makoko oyerawo, amene timawatcha laimu, amawononga zipangizo ndi kudya ndalama, koma si amene amatsegulitsa m'mimba. Chodwalitsa ana ndi tizilombo tosaoneka, ndipo timakhala ngakhale m'madzi oyera mbee. Chida chochotsa laimu sichipha tizilombo, mankhwala opha tizilombo sachotsa laimu. Choncho musanagule kanthu, dziwani kaye chimene chili m'madzi anu.

Madzi anu ali ndi chiyani?

Madzi a pansi pa nthaka amakhalitsa m'miyala, ndipo amasungunula kashiamu ndi magineziyamu n'kubwera nazo ku mpopi. Akazizira simuona kanthu. Mukawatenthetsa, kapena akauma pa chitsulo, zija zimatuluka n'kumatirira, ndipo zimauma gwa ngati mwala wa laimu, pakuti ndi chinthu chimodzimodzi. A labotale amayeza zimenezi pa mamiligalamu pa lita: kupitirira 120 amati madziwo ndi a laimu wambiri, kupitirira 180 ndiye ochuluka zedi.

Kunyumba mungayese chonchi. Tengani mabotolo awiri ofanana, lina muthiremo madzi a mvula, lina madzi a pa mjigo wanu, onse mpaka theka. Palirani sopo wamtanda pang'ono mofanana m'botolo lililonse, tsekani, khutchumulani. Madzi a mvula achita thovu lokhalitsa. Ngati a pa mjigo angoyera ngati mkaka, thovu n'kuphwa msanga, pamwamba n'kuyandama timafuta totuwa, ndiye kuti laimu alimo. Kuti mutsimikize, palani kakhoko kamodzi m'ketulo, kadonthezereni viniga kapena madzi a mandimu. Kakayamba kuwira timathovu, ndi laimu basi.

Koma si zonse zoipa m'madzi zimene zili laimu. Madzi otuluka oyera m'mawa, n'kusanduka ofiirira akakhala m'ndowa, n'kumathimbiritsa zovala zoyera, ali ndi ayironi, kutanthauza chitsulo chosungunuka m'madzi. Izi zimapezeka m'mijigo ingapo ya m'chigawo chapakati chino, makamaka ya kufupi ndi madambo. Madzi omveka mchere weniweni pa lilime ndi nkhani inanso, ndipo softener, makina ochotsa laimu m'madzi, siwakonza. Ana obadwira pamalopo akamamera mano a mawanga oderako, ganizirani za fluoride, amene nayenso amasungunuka m'madzi kuchokera m'miyala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire pa mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa. Pomwe madzi a pa mpopi otuluka oyera ngati mkaka, amene mukawasiya m'tambula amayera kuyambira pansi kupita pamwamba, ndi mpweya chabe umene unalowa m'mapaipi madzi atasiya. Amenewo musade nawo nkhawa.

Ketulo, shawa ndi chimbudzi

Mankhwala a laimu ndi chinthu chowawasa. Mu ketulo thirani viniga woyera ndi madzi mofanana mpaka makoko onse amire, wiritsani kamodzi, zimitsani, musiye ola limodzi. Mukataya mudzaona makoko akugwa okha ngati zikamba za mazira. Tsukuluzani kawiri, muwiritse madzi oyera n'kuwataya, kenako mupitirize kuphika tiyi wanu. Popanda viniga, finyani mandimu anayi kapena asanu. M'nyengo yake amapezeka motchipa pa msika wa pa boma. Makoko akakhala okhuthala, bwerezani mawa lake. Musapale elementi ndi mpeni kapena waya, mungaiboole. Komanso musasiye madzi ogona m'ketulo n'kumangowonjezera ena pamwamba, chifukwa laimu amangosanjikizana.

Pali chimene ndinachiona ndi maso ku Santhe, ndipo sindifuna kudzachionanso. Mnyamata wina anathira asidi wa m'batire ya galimoto mu ketulo kuti ntchito ifulumire. Anapsa chala, ketulo inawonongeka, makoko ena anatsalabe. Asidi ameneyo asalowe konse m'chiwiya chophikira. Chachiwiri choopsa ndi kusakaniza viniga ndi Jik, Waterguard kapena klorini wina aliyense. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni wopsereza m'maso ndi m'mapapo, ndipo m'bafa mopanda zenera munthu akhoza kukomoka.

Mutu wa shawa umasuleni, muuviike mu viniga usiku wonse, m'mawa mutokose timabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena mswachi wakale. Ukakana kumasuka, thirani viniga mu jumbo, mumangirire jumboyo kumutu wa shawa ndi mphira kuti timabowo timire. Kukamwa kwa mipopi yambiri kuli kasefa kakang'ono komasula ndi dzanja. Mpopi umodzi ukafooka pamene ina ikutuluka bwino, yambirani pamenepo musanaitane pulambala.

Chimbudzi cha madzi chikamangolira usiku wonse, nthawi zambiri laimu wamatirira pa valavu ya chibulubulu choyandama m'kathanki, kapena pa mphira wotseka pansi. Tsekani madzi, tulutsani zimenezo, viikani mu viniga, mphira ngati wauma sinthani. Mphira ndi wotchipa kuyerekeza ndi madzi amene pampu yanu ikukweza tsiku lonse kuti angotayika.

Giza

Giza imachenjeza isanafe. Imayamba kuchedwa kutenthetsa, mayunitsi a magetsi n'kumatha msanga, ndipo mkati mumamveka phokoso ngati chimanga chokazinga. Phokosolo ndi la madzi owira pansi pa makoko. Elementi yokutidwa ndi laimu imalephera kupereka kutentha kwake kumadzi, imadzitenthera yokha mpaka kuphulika.

Choyamba onani pamene thermostat, kachida koikira mlingo wa kutentha, inaikidwa. Ambiri amaikwezera ku madigiri 70 kapena 75 poganiza kuti madzi azikhalitsa otentha magetsi akazima, koma laimu amachuluka kwambiri kutentha kukapitirira madigiri 60. Ikani pa 60. Musatsitse kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa madzi ofunda chabe amene akukhalitsa m'thanki amaswanitsa tizilombo tina todwalitsa mapapo. Kamodzi pachaka zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, tsekani madzi olowa, khuthulani giza yonse, mutulutse elementi n'kuiviika mu viniga, ndipo mukolope zonga mchenga woyera zodikha pansi. Tsiku lina ndinatulutsa theka la ndowa m'giza imodzi ya malita 150. Pobwezera, dzazani madzi kaye mpaka atuluke pa mpopi wa madzi otentha musanayatse magetsi. Elementi yoyatsidwa pouma imapsa nthawi yomweyo. Onaninso valavu yotulutsa mphamvu ikachuluka. Ikamatiridwa ndi laimu n'kukana kutseguka, giza imakhala yoopsa, ndipo imeneyo ndi yosintha osati yokonza. Ngati nkhani za magetsi simuzidziwa, ntchito iyi itanirani munthu.

Giza za dzuwa zimavutika koposa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene madzi amafika mpaka powira. Mukachoka pakhomo masiku angapo, phimbani gawo la machubu ake.

Softener ikasiya kugwira

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Softener ili ndi mbali ziwiri: chithanki chachitali chodzaza ndi timikanda tating'ono ta resin, ndi chigubu cha mchere pambali. Madzi akamadutsa, timikanda timagwira kashiamu ndi magineziyamu n'kutulutsa sodium, wochokera mu mchere, m'malo mwake. Tikakhuta timasiya kugwira. Ndiye pakapita masiku angapo, kawirikawiri usiku cha m'ma 2 koloko, makinawo amayamwa madzi a mchere m'chigubu chija, n'kutsuka timikanda, laimu n'kupita ku ngalande. Mcherewo ntchito yake ndi yotsuka timikanda, si wothira m'madzi akumwa. Kutsukako kukalephereka, makina onse asanduka paipi wamba.

Mwini nyumba ina yogona alendo m'mbali mwa msewu wa M1 anandiitana kuti alendo akudandaula za shawa. Nditatsegula chigubu ndinapeza mchere uli tho.

"Bambo, mcherewu munathira liti?"

"Mu Epulo, achimwene. Sunatsikepo ngakhale pang'ono."

Unali mwezi wa Julayi. Mchere wosatsika ndi chizindikiro choyamba chakuti makina sakutsuka. Ndinatenga mpini wa tsache n'kugogoda pamwamba: panali pouma ngati simenti. Nditakankha pang'onopang'ono, chigamba chonse chinagwera pansi, ndipo kunsi kwake kunali mphako yopanda kanthu. Mchere unali utagwirana pamwamba chifukwa cha chinyezi, osakhudzanso madzi. Izi zimachitika mukadzaza chigubu mpaka kukamwa. Thirani pang'ono kupitirira theka, mchere uzioneka pamwamba pa madzi, muziwonjezera ukatsika. Pogogoda samalani kuti musaboole chigubucho.

Titathyola chigambacho makina anakanabe kuyamwa. Vuto lachiwiri linali limene ndimalipeza m'nyumba zambiri za mijigo: mphamvu ya madzi. Thanki yawo inali pa nsanja ya mamita 5. Mamita 10 aliwonse a kutalika amapereka bar imodzi (bar ndi muyezo wa mphamvu ya madzi), kutanthauza kuti iwo anali ndi theka la bar. Softener zambiri zimafuna pafupifupi bar ziwiri kuti ziyamwe madzi a mchere ndi kutakasa timikanda bwino. Wowagulitsa sanawafunse za kutalika kwa thanki. Panafunika kapampu kowonjezera mphamvu pakati pa thanki ndi makina, ndipo titaika, usiku womwewo mchere unatsika. Musanagule softener, yezani nsanja yanu.

Ngati mchere uli bwino ndipo mphamvu ilipo, onani wotchi ya pamutu pa makina. Magetsi akazima kwa maola angapo, zina zimataya nthawi, n'kumatsuka masana anthu akusamba, kapena osatsuka n'komwe. Ikonzeni magetsi akangobwera. Onaninso valavu yolambalalitsa madzi imene ili kumbuyo. Munthu akhoza kuitembenuza pokonza paipi n'kuiwala kuibwezera, madzi n'kumangodutsa pambali miyezi yathunthu.

Chigubu cha mchere chikadzaza madzi mpaka kufuna kusefukira, kapena madzi a pa mpopi akamveka mchere m'mawa, ganizirani zotsekeka. Pamutu pa makina pali kabowo kochepa ngati diso la singano kamene kamakoka madzi a mchere. Kamatsekeka ndi matope. Masulani mosamala, tsukani kabowoko ndi kasefa kake, mubwezere monga zinaliri. Onani kapaipi kochokera ku chigubu ngati kapindika kapena kakulowetsa mpweya, ndi paipi yopita ku ngalande ngati yaphwanyika.

Nkhani ya mchere wake. Wabwino ndi uja wa mibulu wopangidwira makinawa. Ukasowa, mchere wa miyala woyera bwino ungathandize, koma wakuda wa mchenga umasiya phala pansi pa chigubu limene limatseka zonse. Mchere wosalala wa patebulo ndiye ayi, umagwirana msanga. Kamodzi pachaka khuthulani chigubu chonse n'kuchitsuka.

Adani a timikanda ndi awiri: ayironi ndi klorini. Ayironi amatimata dzimbiri mpaka kusiya kugwira, choncho ngati madzi anu ndi ofiira, ayambe athiridwa m'thanki mowazika kuti akumane ndi mpweya, adikhe, asefedwe, kenako ndiye alowe mu softener. Klorini wambiri amafewetsa timikanda n'kutiphwanya. Mukamaona tizidutswa tachikasu m'kasefa ka mpopi, kapena mphamvu ya madzi yatsika nyumba yonse, resin yatha. Posamala bwino imakhala pafupifupi zaka 10.

Ine ndimalangiza kuti mpopi umodzi wa m'khitchini usadutse mu softener, ndi wa kudimba womwe. Madzi ofewetsedwa amakhala ndi sodium wowonjezera, amene si wabwino kupangira mkaka wa m'chitini wa mwana wakhanda, kapena kwa agogo amene adokotala anawaletsa mchere chifukwa cha BP. Ndipo kunena zoona, nyumba yopanda giza, imene vuto lake ndi ketulo ndi shawa imodzi, sifunika softener. Botolo la viniga pamwezi likukwanirani.

Mafyuluta a pa paipi, RO ndi nyali ya UV

Zikho za buluu kapena zoonekera mkati zimene zimaikidwa pa paipi zili ndi katiriji mkati. Yoyera imagwira matope ndi mchenga, yakuda ya makala imachotsa fungo ndi klorini. Palibe imene imachotsa laimu. Madzi akayamba kufooka, katiriji yoyera yakhuta. M'dzinja ikhoza kukhuta m'masabata ochepa, nyengo ina imatha miyezi itatu kapena kuposerapo. Ya makala isapitirire miyezi 6 mpaka 12 ngakhale ikuoneka bwino, chifukwa ikakalamba imasanduka chisa cha tizilombo. Kuchapa katiriji yoyera ndi sopo n'kuibwezera n'kudzinamiza, matope ali mkatikati mwake. Chikho chikamadontha mutasintha, onani mphira wozungulira pakamwa pake, mwina wachoka m'malo. Chikho choonekera mkati chikakhala padzuwa chimamera ndere, choncho chiphimbeni. Ndi bwino kulemba tsiku losinthira pa chikho penipeni ndi cholembera chosafufutika.

Makina a RO, osefa madzi powakankhira pa nembanemba yopyapyala kwambiri, amene amagwiritsidwa ntchito ndi ogulitsa madzi a m'zigubu ndi m'nyumba zina pansi pa sinki, ndi okhawo pa zonsezi amene amachotsa mchere, laimu ndi fluoride pamodzi. Amafuna mphamvu ya bar zitatu kapena kuposa, ndipo amataya madzi ambiri ku ngalande kuposa amene amasunga. Amenewo akoleni m'ndowa muzikolopera. Akamatulutsa madzi ochepa, yambani ndi makatiriji a kutsogolo, kenako mphamvu, kenako mpweya wa m'kathanki kosungira, nembanemba yeniyeniyo muikayikire pomaliza. Kachida koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi, kamakuuzani zoona: yezani madzi olowa ndi otuluka. Nembanemba yabwino imachotsa pafupifupi magawo 9 mwa 10. Olowa akakhala 400, otuluka azikhala cha m'ma 40. Akafika 150, yatha. Imakhala zaka ziwiri kapena zitatu, koma madzi a laimu wambiri amaipha msanga ngati kutsogolo kulibe softener, ndipo klorini amaiboola ngati katiriji ya makala yatha.

Nyali ya UV, yopha tizilombo m'madzi ndi kuwala kwake, imanamiza anthu chifukwa imapitiriza kuyaka ngakhale mphamvu yake yopha tizilombo itatha. Isintheni chaka chilichonse. Ili m'kachubu ka galasi kamene kamachita laimu ngati ketulo, ndipo kuwala sikudutsa; kapukuteni ndi nsalu yoviika mu viniga miyezi ingapo iliyonse, mosamala chifukwa kamasweka. Musayang'ane nyaliyo ikuyaka. Magetsi akazima, madzi odutsamo sanatetezedwe.

Ndondomeko yoikira imakhala iyi: chogwira matope poyamba, kenako chochotsa ayironi ngati alipo, makala, softener, pomaliza RO kapena UV. Mukasokoneza, chida chodula chimagwira ntchito ya chotchipa n'kufa msanga.

Zosefera za m'ndowa, ndi klorini

Kumudzi, ku Chulu, ku Chamama, ngakhale ku Mkanda ndi ku Kapiri m'boma la Mchinji, zimene ndimapeza ndi ndowa ziwiri zosanjikiza zokhala ndi chosefera chadongo chotchedwa kandulo, kapena fyuluta ya mchenga ya simenti. Kandulo ikachedwa kudontha, itulutseni ndi manja osamba, muikweche pang'ono kunja ndi burashi yoyera m'madzi oyera, popanda sopo. Ikachita mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi, itayeni. Madzi akayamba kudutsa mothamanga mwadzidzidzi, si kuti yakonzeka, yasweka kapena nati yake yamasuka. Ndowa ya pansi ndi kampopi kake muzitsuka ndi madzi a klorini, chifukwa nthawi zambiri madzi amadetsedwa pamenepo atasefedwa kale.

Fyuluta ya mchenga imadalira kandere kamoyo ka pamwamba pa mchenga, kamene kamatenga mpaka mwezi kuti kakhwime. Madzi azikhala pamwamba pa mchenga pafupifupi masentimita 5 nthawi zonse, ndipo muzithiramo tsiku lililonse. Klorini musathire m'mwamba mwake, apha kandere kaja. Thirani m'madzi otuluka. Ikafooka, takasani pamwamba pa mchenga pokha ndi chikhatho, mutunge madzi akudawo n'kutaya.

Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Palibe amene anafa ndi makoko a m'ketulo. Choncho kaya muli ndi softener kaya mulibe, madzi akumwa ochokera pa chitsime, pa mtsinje, kapena pa mjigo wa khonde losweka kapena woyandikana ndi chimbudzi, atetezeni. Waterguard ndi kachivindikiro kamodzi pa malita 20, mudikire mphindi 30. Madzi akakhala a matope, asefeni pa nsalu yoyera kaye ndipo mutsatire zolembedwa pa botolo. Alangizi a zaumoyo amagawanso klorini wosungunula kale ndipo amakuuzani muyezo wake. Kuwiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi nakonso kumapha tizilombo, ndipo zoyera zimene zimadikha pansi pa mphika ndi laimu yemwe uja, tsanulani pang'onopang'ono zitsale. Thanki ya pa nsanja ikhale ndi chivindikiro chotseka bwino, ndipo muziitsuka kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha. Ndapezamo abuluzi ndi zisa za mbalame m'thanki za nyumba zimene zinali ndi mafyuluta atatu.

Mjigo watsopano, kapena wakale umene wasintha kakomedwe kapena mtundu, uyezetseni musanagule chida chilichonse. Ofesi ya za madzi ya pa boma ikhoza kukulozerani ku labotale ya boma ku Lilongwe, ndipo a Malawi Bureau of Standards nawonso amayeza. Pemphani kuti ayeze laimu, ayironi, fluoride, mchere ndi tizilombo ta m'chimbudzi. Botolo loyezera tizilombo mukalitenge kwa iwo, musagwiritse ntchito la zakumwa. Popani madzi atayike mphindi zingapo musanatunge, musakhudze mkati mwa chivindikiro, liikeni pozizira, ndipo lifike tsiku lomwelo. Pepala la zotsatira mupite nalo kwa wogulitsa makina, pamodzi ndi kutalika kwa nsanja ya thanki yanu.